Kaundula wa m'mizu

Ku Aberystwyth mvula imangokhala,
ngati mlendo woiwala kutsanzika.
Ine ndi Gethin tagwada m'busa la nkhosa,
maondo anyowa, zala zachita dzanzi,
tikuzula kaudzu ka masamba atatu
kamene nkhosa za kuno zimanenepera.
Akundiuza kuti ndizule mofatsa, ndisadule mizu,
ngati kuti sindinakumbepo mtedza ku Ntchisi.

Timibulu tili pomwepo, takakamira ku mizu,
tochepa kuposa njere ya mapira.
Ndaphwanya kamodzi ndi chikhadabo:
m'kati mofiirira ngati nkhama za khanda.
Ndiye kuti eni nyumba alimo, ali pa ntchito,
akutapa nayitrojeni mumpweya
osafunsa kuponi, osagona pamzere wa feteleza.

M'labu muli kuzizira kwina, kochita kulipira.
Pa shelefu yachitatu ya firiji ndasunga kwathu:
timabotolo makumi anayi ndi tiwiri,
mabakiteriya a m'mizu ya nyemba, nandolo ndi khobwe,
ena a m'munda wa amayi, ena a kudimba kwa aChisale.
Anadutsa pabwalo la ndege
ndi zikalata zambiri kuposa zanga.

Ntchito yanga ndi kufunsa mfunda.
Iwe ndiwe wa kwa yani? Makolo ako anadzera njira iti?
Pakamwa alibe. Timawaphulitsa n'kuwerenga majini awo,
zilembo zinayi zokha, zikusinthana malo usiku wonse.
Nditauza amayi pafoni kuti ndimawerenga majini
anakhala chete kanthawi, kenako anati:
"Mwanawe, uzipemphera."

Lachinayi kompyuta inajambula mtengo wa chibale.
Ndinkayembekeza nthambi ziwiri zaulemu,
a kuno uku, a kwathu uko.
Ayi ndithu.
Nambala 17, wa m'nyemba za amayi,
wakhala phee pafupi ndi wa m'busa la Gethin,
msuweni wake,
pomwe 18, wa pamzere womwewo, phando loyandikana,
ali kutali, nthambi zisanu ndi imodzi,
ngati sanamwepo mvula imodzi.

Ndinabwereza katatu.
Gethin anabwera ndi tiyi wopanda shuga
nati mwina ndinasokoneza zivindikiro.
Sindinasokoneze.

Ndiye pali china chimene chikundisowetsa tulo.
Luso logogoda pa muzu mpaka utsegule,
luso lomanga kambulu ndi kukhalamo,
sikuti limangoyenda kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana.
Amabwerekana ngati khasu.
Limadumpha mpanda, limafika kwa wosamudziwa,
ndipo palibe amabwera kudzalilonjerera.
Ukajambula mtengo wa kubadwa, ukuloza kuvuma.
Ukajambula mtengo wa luso, ukuloza kumwera.
Ndaifunsa yonse iwiri, palibe ukunama.

Basi ya pa Penglais yandisiya, ndatsika phirilo wapansi.
M'chipinda, fomu yowonjezera viza ikundidikira,
kabokosi kamodzi: dziko lochokera.
Ndalemba, poti n'zosavuta.
Koma cholembera chatsalira m'manja.
Agogo aamuna anali Mngoni amene Chingoni anachisiya panjira,
agogo aakazi anaphunzira kuumba mbiya kwa Myao wodutsa,
ndipo dzulo ndamva Gethin akuti "pepani" kwa makina ojama,
mawu amene sindikukumbuka kuti ndinamubwereka.

Foni yalira. Kwathu mitambo yayamba kusonkhana.
Amayi akuti makuponi chaka chino awadumphanso,
akufunsa ngati tizilombo tangato
tingathe kubereketsa nyemba patokha.
Ndati ena angathe, ena ndi alesi,
amamanga nyumba m'muzu koma m'kati mwayera mbee,
ndipo mfunda wokha sukuuza wakhama ndi uti.
"Nanga zachilendo n'chiyani pamenepo?" atero amayi.

M'mawa ndibzala nyemba m'miphika makumi anayi ndi iwiri,
pansi pa nyali zonamizira dzuwa.
17 ndimuika pafupi ndi zenera.
Pakatha masabata asanu ndidzazula,
ndidzaphwanya ndi chikhadabo,
ndione mtundu wake.